Botolo limodzi K1 biliyoni: Afalansa amagulitsa vinyo kapena dothi?

Pa Chiponde sipasowa nkhani. Ukangotsika minibasi yochokera ku Mangochi, mutu ukadazungulira ndi makhotakhota a phiri la Chowe, anyamata osintha ndalama amakhala atakuzinga kale, wina mpukutu wa makwacha, wina wa mametikali, a kabaza nawo akulimbirana kachikwama kako kuti akuolotsere ku Mandimba. Chimanga, nyemba, shuga, zitenje, mafuta, zonse zimadutsa pamenepa, zina pageti, zina m'tinjira tosafuna kutchulidwa m'nyuzipepala.

Koma tsiku limene ine ndinali kumeneko mkangano sunali wa chimanga ai. Unali wa botolo. Bambo wina, amene dzina lake ndilisunga m'thumba, anasolola m'chikwama botolo la vinyo wofiira, papepala lake pali chithunzi cha chinyumba cha nsanja ndi mawu opindikapindika a Chifalansa. Ati ameneyu ndi wa ku France weniweni, womwa mabwana, ndipo akupita naye kunyanja kumene kuli alendo odziwa zinthu. Mtengo umene anatchula unali wogula matumba awiri a chimanga n'kutsalako ya chigayo. Mnzake anaseka mpaka kugwira nthiti. Iye ati ku Mandimba kuli chibotolo cha malita 5 chija Apwitikizi amati garrafão, ndipo vinyo ndi vinyo basi, yense ndi wofiira, yense amagwetsera munthu m'ngalande chimodzimodzi.

Onse awiri anali ndi mfundo, ndipo onse awiri anaphonya. Imvani iyi. Mu October 2018, mumzinda wa New York, kampani yogulitsa katundu pa okushoni ya Sotheby's inagulitsa botolo limodzi la vinyo wofiira wa ku France wotchedwa Romanée-Conti, wa chaka cha 1945, pa madola 558,000. Botolo limodzi, abale, losakwana ndi lita yomwe. Pa mtengo wa dola wa kubanki wa chaka cha 2025, imeneyo ndi ndalama yoyandikira K1 biliyoni. Werengani nokha kuti ndi malole angati a chimanga.

Ndikudziwa kuti anthu ambiri pa Chiponde, ku Namwera ndi ku Mangochi konse ndi Asilamu ndipo mowa sayandikira. Akhristu enanso vinyo amangomuonera paguwa. Musataye nyuzi, sindikuitanira munthu kubala. Nkhani yanga ndi ya malonda. Zimatheka bwanji kuti madzi a chipatso chimodzi, mphesa, kwina agulidwe ngati thobwa, kwina ngati nyumba ya ku Area 43? Yankho lake likukukhudzani inu a mpunga, inu a nsomba, inu a mbatatesi.

Romanée-Conti si fakitale. Ndi dzina la munda, kamunda ka mahekitala 1.8, kapena kuti maekala 4 ndi theka, m'mudzi wa Vosne-Romanée m'chigawo cha Burgundy. Alipo alimi a fodya ku Namwera amene minda yawo imaposa pamenepa kutalitali. Pachaka kamunda aka kamatulutsa mabotolo pakati pa 5,000 ndi 6,000 basi, ndipo mpondamatiki aliyense padziko lapansi amalimbirana omwewo. Mu 1945 munatuluka mabotolo 600 okha, kenaka eni ake anazula mipesa yonse yakale chifukwa inali itatheratu ndi tizilombo, moti vinyo wa dzina limeneli sanaonekenso mpaka 1952. Katundu wochepa, ofuna ambiri. Pamenepo mayi wogulitsa tomato mu February safunika kumuphunzitsa.

Komatu kuchepa kokha sikukwanira, apo ayi bwenzi chilichonse chosowa chili chodula. Chimene Afalansa anachigwira n'chakuti munda uliwonse uli ndi kakomedwe kakekake. Iwo amati terroir, liwu limodzi lophatikiza dothi, kutsetsereka kwa malo, dzuwa, mphepo, mvula ndi manja a anthu olima pamenepo. Ku Burgundy ntchito yosiyanitsa minda inayamba ndi amonke a Chikatolika zaka mazanamazana zapitazo. Anthu amenewa analibe ana owalirira kapena ngongole ya katapila yowathamangitsa, ndiye anali ndi nthawi yoonetsetsa chaka ndi chaka kuti mphesa za kumtunda kwa chitunda zikusiyana bwanji ndi za kumunsi. Munda wina wotchedwa Clos de Vougeot, wa mahekitala 50, anauzinga ndi mpanda wa miyala m'zaka za m'ma 1300, ndipo mpandawo ulipo mpaka lero, ngakhale m'kati mwake tsopano muli eni pafupifupi 80, ena mizere yowerengeka chabe, chifukwa cha kugulitsana ndi kugawana chuma cha masiye. Minda ya maina yotereyi ku Burgundy ilipo 1,247, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, mndandanda womwewo umene pali nyanja yathu ya ku Cape Maclear ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni.

Chodabwitsa n'chakuti dothi lotulutsa vinyo wodulayu mlimi wa chimanga sangalilandire ngakhale mwaulere. Ku Burgundy ndi lopyapyala, pansi pake pali miyala ya laimu. Ku Médoc, kumpoto kwa mzinda wa Bordeaux, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Gironde, ndi nsangalabwi ndi mchenga, khasu likamenya limachita kulira. Kale dera limeneli linali madambo a udzudzu, ndipo anali akatswiri a ku Holland amene m'zaka za m'ma 1600 anakumba ngalande n'kuumitsa malowo, anthu n'kuyamba kubzala pa timitunda ta nsangalabwi tija.

Mpesa uli ngati mwana wa kwa olemera. Ukaupatsa chakudya chambiri ndi madzi ambiri umangochita masamba, zipatso zake zikuluzikulu koma zamadzimadzi, zozizira m'kamwa. Pa nsangalabwi mvula ikagwa madzi amalowa pansi msanga, mizu imakakamizika kutsika mamita angapo kukasaka chinyezi, ndipo zipatso zimatuluka zing'onozing'ono, za khungu lochindikala, zotsekemera kwambiri. Miyala ija imamwa dzuwa masana n'kumabweza kutentha usiku, monga mmene mafuwa amakhalira ofunda moto utazima. Ogulitsa ena amakuuzani kuti mukamamwa mukumva kukoma kwa mwala weniweniwo. Imeneyo ndi pakamwa pa wamalonda chabe, mwala sulowa m'chipatso. Chimene dothi limachita ndi kulamula madzi ndi kutentha, ndipo aliyense amene analawapo vwende la kudimba kothina madzi ndi vwende la mvula akudziwa kuti zimenezi si nthano.

Mtundu uliwonse wa mphesa anaupezera dothi lake. Cabernet Sauvignon imachedwa kupsa, choncho imafuna nsangalabwi zofunda za ku Médoc. Merlot imapsa msanga ndipo imakonda dongo losunga madzi, ngati makande athu, choncho ili patsidya, ku Pomerol ndi ku Saint-Émilion. Kumeneko kuli munda wa Pétrus, wosakwana mahekitala 12, wokhala pa kachitunda ka dongo, umene vinyo wake ndi mmodzi mwa odula kwambiri padziko. Ku Burgundy vinyo wofiira wotchuka ndi wa Pinot Noir. Kum'mwera, m'mbali mwa mtsinje wa Rhône, kuli Châteauneuf-du-Pape, kutanthauza nyumba yatsopano ya Papa, poti m'zaka za m'ma 1300 Apapa ankakhala ku Avignon pafupi pomwepo. Minda ina kumeneko dothi silioneka n'komwe, ndi miyala yobulungira yokhayokha, ina ngati chibakera, ina ngati papaya. Mudzi womwewu mu 1954 mfumu ya tauni inalemba lamulo loletsa mbale zouluka za zolengedwa za kumwamba kutera m'minda ya mphesa. Musaseke, ifenso tili ndi ndege zathu za usiku zimene palibe anaziletsapo ndi kalata.

Tsono liwu lija la pa mabotolo lakuti château. Kwenikweni limatanthauza nyumba yachifumu, koma ku Bordeaux lingotanthauza esiteti, munda ndi nyumba yofululira. Ena alidi ndi zinyumba za nsanja, ena ndi kashedi chabe koma papepala amajambulapo chinyumba. Mu 1855 mfumu Napoleon III inakonza chionetsero chachikulu cha malonda ku Paris ndipo inafuna kuti vinyo wa ku Bordeaux aikidwe m'magiredi. Amene anapatsidwa ntchitoyo sanali madokotala kapena akuluakulu a boma. Anali mabuloka, anthu a pamsika, ndipo anangotsegula mabuku awo n'kuona kuti ndi esiteti iti imene vinyo wake wakhala akugulidwa mokwera kwa zaka zambiri. Anapanga magiredi 5, monga mmene fodya amamuikira ku okushoni ku Limbe. Pamwamba penipeni anaikapo maesiteti anayi: Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion. Kuyambira nthawi imeneyo kusintha kwakukulu kunachitika kamodzi kokha, mu 1973, pamene Mouton Rothschild inakwezedwa kuchoka pa giredi yachiwiri kupita yoyamba, mwini wake Baron Philippe de Rothschild atakhala akugogoda m'maofesi zaka zambirimbiri. Kwa ine apa pali kukondera ndithu. Fodya amamuona giredi chaka chilichonse, belo ndi belo. Awa anakhoza mayeso nthawi ya agogo a agogo awo ndipo akudyerabe satifiketi yomweyo.

Kafululidwe kake sikangadabwitse mayi wodziwa kuphika masese, kungoti kuno kulibe chimera, kulibe moto, ndipo madzi saloledwa ngakhale dontho. Mpesa ukabzalidwa umatenga zaka zitatu usanapereke zipatso zofululira. Amaudulira nthawi yozizira, ndipo maesiteti akuluakulu amafika pothothola mphesa zina zikadali zaziwisi n'kuzitaya pansi kuti zotsalazo zikhwime bwino, monga timachitira popatulira chimanga. Kukolola ndi mu September ndi October. M'minda yotchuka amathyola ndi manja, aganyu ambiri ochokera maiko ena atawerama tsiku lonse, ndipo musaganize kuti iwowa amalawako za K1 biliyoni zija. Matenanti a m'maesiteti athu angamvane nawo bwino.

Mphesa zikafika amazisankha, kuchotsa zoola, n'kuziphwanya. Apa pali chinsinsi chimene ambiri sadziwa: madzi a mphesa yakuda ndi oyera. Kufiira konse kumachokera ku khungu. Ndiye madzi, makungu ndi njere zimakhala pamodzi m'chithanki kwa milungu iwiri kapena itatu, yisiti ikudya shuga n'kumusandutsa mowa. Makungu amayandama pamwamba ngati chipewa, ndipo tsiku ndi tsiku antchito amawamiza kapena kupopa madzi a pansi n'kuwathira pamwamba kuti mtundu ndi kakomedwe zituluke. Ndi makungu ndi njere zomwezo zimene zimapereka kakhambi kaja kouma m'kamwa ngati wadya nthochi yosapsa, ndipo kakhambi kameneko ndi kamene kamachititsa kuti vinyo akhale zaka 20 kapena 50 osaonongeka. Akatero amamuthira m'migolo ya mtengo wa oak. Mgolo wa ku Bordeaux ndi wa malita 225, mabotolo 300, ndipo vinyo amagonamo chaka chimodzi mpaka ziwiri m'nyumba yozizira, akumamusamutsa mgolo ndi mgolo kuti nsenga zitsale pansi. Ena mpaka lero amathiramo choyera cha dzira kuti chikokere pansi tizinyalala. Pomaliza amalawa migolo yonse. Yokoma kwambiri ndiyo imatenga dzina la esiteti, yotsalayo amaigulitsa ndi dzina lina pamtengo wotsika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma taganizani mpamba wake: katundu wakolola chaka chino, ndalama udzaione patapita zaka ziwiri.

Chaka chimene chimalembedwa pabotolo ndi chaka chokolola, ndipo n'chofunika chifukwa mlimi ndi mlimi kulikonse, amayang'ana kumwamba. Mu April 2021 chisanu choopsa chinagwa mipesa itangophuka, alimi a ku France anagona m'minda akuyatsa makandulo akuluakulu m'mizere kuti mphukira zisapse, komabe zokolola za chaka chimenecho zinatsika kwambiri.

Wina afunsa kuti nanga ife, ndi katondo wathu wa ku Namwera ndi kamphepo kake kaja, bwanji osabzala? Mpesa umamera ndithu kuno, ena ali nawo pakhonde. Vuto ndi kalendala ya mvula. Kwathu mvula imabwera nthawi yotentha, December mpaka March, nthawi yomweyo imene mphesa zimafuna dzuwa louma kuti zipse, ndiye zimagwidwa chuku n'kuolera mumtengo. Mpesa umafunanso nyengo yozizira kwambiri kuti ugone n'kupumula. Ku Cape ku South Africa mvula imagwa nthawi yozizira, chilimwe n'kukhala chouma, n'chifukwa chake vinyo anayamba kufululidwa kumeneko mu 1659, ndipo mu 1688 kunafika Afalansa othawa nkhondo ya chipembedzo amene anakhazikika pamalo otchedwa Franschhoek. Vinyo wambiri wa m'masitolo athu amachokera kumeneko. Ku Tanzania amalima mphesa ku Dodoma chifukwa ndi kouma, ndipo amakolola kawiri pachaka. Kuno kwathu kampani ya Linga ku Lilongwe inasankha njira ina, kufulula vinyo wa zipatso zimene dothi lathu limazifuna, monga jambula, chidede, magwafa ndi mapichesi. Liwu lenilenilo lakuti vinyo tinabwereka kwa Apwitikizi, amene amati vinho, ndiye anyamata a ku Mandimba ali ndi kapoyambira akamadzitama.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Dzina likangoyamba kugula ndalama, akathyali amatulukira. France inapsapo kale ndi zimenezi, ndipo inapsa kwambiri.

M'zaka za m'ma 1860 kunafika kachilombo kochokera ku America kotchedwa phylloxera, kansabwe kosaoneka bwino ndi maso kamene kamayamwa mizu ya mpesa mpaka mtengo kuuma. M'zaka 30 kanasakaza gawo lalikulu la minda ya dziko lonselo. Anayesa mankhwala, anayesa kumiza minda m'madzi, anayesa mapemphero. Chimene chinapulumutsa alimi ndi kumezanitsa, ntchito yomweyo imene alangizi amatiphunzitsa pa mango: tsinde la mpesa wa ku America, umene kachilomboka sikaupha, pamwamba n'kulumikizapo nthambi ya mpesa wa ku France. Mpaka lero pafupifupi mpesa uliwonse ku France waima pa mizu ya ku America, ngakhale eni ake sakonda kuikamba mokweza.

Koma m'zaka zimene vinyo anasowa, amalonda anaphunzira zoipa. Ankaviika mphesa zouma m'madzi, kuthiramo shuga, kuthiramo utoto, n'kumagulitsa. Ena ankagula vinyo wotchipa wa kutali n'kumumata dzina la mudzi wotchuka. Minda itachira, vinyo anachuluka, wabodza uja osachoka pamsika, mitengo inagwa mpaka mlimi woona kulephera kugula buledi. Mu 1907 alimi a kum'mwera, motsogozedwa ndi mlimi mnzawo Marcelin Albert, anayamba zionetsero. Pa 9 June mumzinda wa Montpellier munasonkhana anthu oposa theka la miliyoni. Mafumu a matauni mazanamazana anatula pansi maudindo, anthu anakana kukhoma msonkho. Boma la Georges Clemenceau linatumiza asilikali, ku Narbonne anaombera anthu n'kupha angapo, ndipo gulu lina la asilikali, ana a alimi omwewo, linagalukira akuluakulu awo. Mwezi womwewo nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lothana ndi kuthira madzi ndi kuchulutsa shuga m'vinyo, n'kulamula kuti mlimi aliyense azilembetsa kuchuluka kwa zimene wakolola. Mukalembetsa migolo 10 simungagulitse 30.

Amene anapitiriza nkhondoyi anali alimi eni ake. Ku Châteauneuf-du-Pape kuja, m'zaka za m'ma 1920, anagwirizana motsogozedwa ndi Baron Le Roy n'kulemba malamulo awoawo: malire a minda yoyenera dzinalo, mitundu ya mphesa yololedwa, kusankha zoola, mphamvu ya vinyo. Mu 1935 boma linatenga nzeru imeneyi n'kuisandutsa lamulo la dziko lonse, ndipo mu 1936 maina oyamba analembetsedwa. Ndiwo mawu aja mumawaona pabotolo akuti Appellation d'Origine Contrôlée, mwachidule AOC, ena masiku ano amalemba AOP, kutanthauza kuti dzina la kumene katunduyu wachokera ndi lotetezedwa. Pali bungwe la boma, INAO, loyang'anira zimenezi. Lamulo limanena ngakhale kuchuluka kwa zokolola. Ku Châteauneuf-du-Pape hekitala imodzi siyenera kupitirira malita 3,500. Ukathira feteleza wambiri kuti uphe makwacha, wadzichotsa wekha pa dzinalo. Ndipo munda wa kutsidya kwa malire, ngakhale utatalikirana ndi mnzake mamita 10, sungabwereke dzina.

Palinso mawu ena ofunika, Mis en bouteille au château, kutanthauza kuti vinyo anatsekeredwa m'botolo pa esiteti pomwepo. Kale maesiteti ankagulitsa m'migolo kwa amalonda a m'tauni, ndipo zimene zinkachitika m'nyumba zosungiramo katunduzo ankadziwa ndi Mulungu yekha. Baron Philippe uja ndi amene mu 1924 anayamba kutsekera yekha vinyo wake yense, anzake n'kutsatira. Inu amene mumaoda mpunga wa m'matumba osasoka bwino mukumva chimene ankathawa.

Akuba sanathe, musanamizidwe. Mnyamata wina wa ku Indonesia wokhala ku America, Rudy Kurniawan, anagulitsa vinyo wabodza wa madola mamiliyoni ambiri kwa anthu olemera odzitcha akatswiri. Ankasakaniza vinyo wotchipa m'khitchini mwake, n'kuthira m'mabotolo akale, n'kumata mapepala osindikiza yekha. Chinamugwetsa ndi umbuli wa mbiri ya munda. Mu 2008 anapititsa ku okushoni mabotolo a Clos Saint-Denis a banja la Ponsot olembedwa zaka za pakati pa 1945 ndi 1971, chonsecho banjalo linayamba kufulula vinyo wa munda umenewo mu 1982. Mwini wake, Laurent Ponsot, anakwera ndege kukaimitsa malondawo. Kurniawan anamangidwa mu 2012 ndipo mu 2014 anagamulidwa zaka 10. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma onani chimene chinamugwira: mabuku. Zinalembedwa kuti munda uwu, chaka ichi, mabotolo akuti.

Tibwere kwathu tsono. Kodi ife terroir sitiidziwa? Timaidziwa bwino, kungoti tilibe liwu la Chifalansa. Pitani mu msika wa Limbe, wa Zomba kapena wa Lilongwe mumve mmene katundu amaitanidwira. Nachesi za ku Mwanza. Nanazi za ku Mulanje. Mbatatesi ya ku Tsangano. Tomato wa ku Ntcheu. Khofi wa ku Mzuzu. Chambo cha ku Mangochi. Mpunga wa ku Karonga. Kasitomala akamva dzina la malo amatulutsa ndalama yoonjezera osanyinyirika, chifukwa lilime lake linamuuza kale kuti zimasiyana.

Kusiyana kwathu ndi Afalansa n'kwakuti kuno dzina lilibe mlonda. Ine ndemwe mwezi watha ndinagula mpunga pa benchi ina, sinditchula msika, wogulitsa akulumbira pali mayi ake kuti ndi Kilombero weniweni wotsika dzulo kuchokera ku Karonga. Anandinunkhiza wa pamwamba, fungo lake lofika m'mutu. Kunyumba mphika unawira mpaka kupsa popanda ngakhale mwana wa neba kusuzumira. Pamwamba panali Kilombero, pansi panali achibale ake a kutali. Amene anaba si ine ndekha. Anaberanso mlimi wa ku Karonga amene mawa ndikamva dzina lake ndidzayamba kutsitsa mtengo, ndiponso mayi wa benchi yoyandikana naye amene amagulitsa weniweni koma akuoneka wodula. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ndipo poti tanena za nsomba, ndi makumba angati amene amagona ali makumba n'kudzuka ali chambo akafika m'tauni? Chosekesa china n'chakuti dzina lakuti Kilombero lenilenilo ndi la chigwa cha ku Tanzania, ndiye tikadzayamba kulembetsa maina padzakhala nkhani ndi aneba.

Lamulo lilipo. Lamulo lathu la zizindikiro za malonda la chaka cha 2018 limalola kulembetsa dzina la dera ngati chizindikiro cha katundu wochokera kumeneko. Anzathu a ku Mozambique anayambapo kale, mbuzi ya ku Tete, Cabrito de Tete, ndi dzina lolembetsedwa, ndipo eni ake amati kukoma kwake kumachokera ku masawu ndi malambe amene mbuzizo zimadya kutchire. Koma mbiri ya ku France ikuonetsa kuti pepala la boma linabwera pambuyo. Oyamba anali alimi amene anakhala pansi, kugwirizana malire, kulemba malamulo owapweteka iwo eni, n'kumagwirana okhaokha wina akaba. Funso kwa makomiti a m'misika yathu ndi makalabu a alimi n'lakuti ndani angalole kuti mnzake atsegule thumba lake n'kupisa dzanja mpaka pansi.

Ndisakunamizeni kuti dzina limadyetsa aliyense. Maesiteti a mbiri aja ndi ochepa. Ku Bordeaux kuli alimi zikwizikwi amene vinyo wawo, wa AOC ndithu, m'masitolo a ku France amagulidwa mayuro osakwana 5. Afalansa eni ake anachepetsa kumwa. M'zaka za m'ma 1960 munthu mmodzi pachaka ankamwa malita oposa 100, lero safika ndi theka lomwe, ndipo achinyamata amakonda mowa wa m'mabotolo ndi zina. Mu December 2022 alimi anachita zionetsero mumzinda wa Bordeaux kupempha boma kuti liwalipire azule mipesa. Mu 2023 boma linavomera mayuro 6,000 pa hekitala, mahekitala zikwi zingapo anazulidwa, ndipo chaka chomwecho linaika mayuro 200 miliyoni oti vinyo wosagulidwa atchezedwe n'kusanduka spiriti wa m'mafakitale. Mlimi wa fodya amene anaonapo mabelo ake akubwezedwa ku okushoni akudziwa mmene mtima umawawira. Ndiye botolo likhoza kukhala la ku France ndithu koma losafika ngakhale pa thumba limodzi la chimanga.

Bambo uja wa pa Chiponde ndinamupempha kuti ndiligwireko botolo lake. Anandipatsa monyinyirika, dzanja lake lili pansi kuopa ndingagwetse. Kutsogolo kunali chinyumba chija ndi dzina lokoma kulitchula. Chaka panalibe. Dzina la mudzi kapena chigawo panalibe. AOC kapena AOP panalibe. Kumbuyo, m'timalemba tofuna magalasi, munalembedwa kuti ndi vinyo wosakaniza wochokera m'maiko osiyanasiyana a ku Ulaya. Nditamuwerengera anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, nandifunsa ngati ndine wa kasitomu. Nditakana, analanda botolo lake, analikulunga bwinobwino m'chitenje, n'kukakwera minibasi ya ku Mangochi, mtengo osatsitsa ngakhale tambala.